ULENDO WA PABWATO KUMAPANGA A KU ZAKYNTHOS

Anzanga, ambiri a inu mudalowapo m'phanga. Mwina mudathawiramo mvula pochokera kumunda. Mwina mudalowamo muli ana, posaka mbira. Mapanga amene timawadziwa ife ali kumapiri, ndipo timapitako ndi miyendo.

Lero tiwerenga za mapanga a mtundu wina. Mapanga amenewa ali m'mphepete mwa nyanja yamchere. Makomo ake ali pamadzi. Pansi pake palibe dothi kapena udzu, koma madzi okhaokha. Wofuna kulowamo amakwera bwato. Chaka ndi chaka anthu ambiri amachoka kutali, n'kulipira ndalama, kuti akangoona mapangawa. Nanga muli chiyani m'menemo? Adawasema ndani? Kodi munthu angalowemo popanda ngozi? Tiyeni tiwerenge.

Phunziroli lili ndi maina achilendo. Musaope. Dzina likakuvutani, ligaweni m'timagawo monga mudaphunzirira m'kalasi.

CHILUMBA CHA ZAKYNTHOS

Dziko la Greece lili ku Ulaya. Anthu ake ndi Agiriki, ndipo mzinda wake waukulu ndi Athens. Pakati pa Ulaya ndi Africa pali nyanja yaikulu yamchere yotchedwa Mediterranean. Dziko la Greece lili m'mbali mwa nyanja imeneyi, ndipo lili ndi zilumba zambirimbiri. Zina ndi zazikulu, zokhala anthu. Zina ndi miyala chabe, potera mbalame.

Chilumba chimene tikukamba chili kumadzulo kwa dzikoli. Dzina lake ndi Zakynthos. Potchula timati: Za-ki-ntho-si. Ena amachitcha Zante. Dzina lachiwirili lidachokera kwa anthu a mzinda wa Venice, amene adalamulira chilumbachi zaka pafupifupi 300. Pambuyo pake chidadutsa m'manja mwa maiko ena, otsiriza ake Angerezi. Chidakhala gawo la dziko la Greece mu 1864.

M'litali chilumbachi ndi makilomita pafupifupi 40, m'lifupi pafupifupi 20. Chimaposa chilumba cha Likoma maulendo oposa 20. Pamakhala anthu pafupifupi 40,000. Wochokera kumtunda amakwera sitima yapamadzi padoko la Kyllini, ndipo amayenda ola limodzi ndi mphindi zochepa.

Kum'mawa kwa chilumbachi kuli chigwa cha nthaka yachonde. Alimi amalima mitengo ya azitona, imene zipatso zake amayengera mafuta ophikira. Amalimanso mphesa zazing'ono zakuda zimene amaziyanika padzuwa. Kumadzulo ndi kumpoto kuli mapiri. Kumeneko mtunda sutsetsereka pang'onopang'ono kukafika kumadzi monga pagombe la mchenga. Umangothera m'malere. Thanthwe loyera lidaima njo, ngati khoma la nyumba, kuchokera pamwamba mpaka m'nyanja. M'munsi mwa khoma limeneli ndimo muli mapanga.

Nyengo yao ndi yosiyana ndi yathu. Ife tikamaotha moto mu Juni ndi Julayi, iwo amakhala ali m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Mvula yao imagwa kwambiri kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, nthawi yozizira. Nthawi imeneyo nyanja imakalipa. Motero alendo amabwera kuyambira Meyi mpaka Okutobala.

ADASEMA MAPANGA NDANI?

Palibe munthu adagwira nyundo kapena tchizulo posema mapangawa. Mmisiri wake ndi madzi.

Mwala wa kumeneko ndi wa laimu. Ndi mtundu womwewo wa mwala umene amauotcha popanga simenti ndi laimu wopaka nyumba. Mwalawu udapangika kalekale pansi pa nyanja. Tizilombo tam'madzi tokhala ndi zigoba tinkafa, zigoba zake n'kumatsikira pansi. Zidaunjikana zaka mamiliyoni ambiri mpaka zidalimba n'kusanduka mwala woyera. Kenaka nthaka idakankhika kuchokera pansi, mwalawo n'kutulukira pamwamba pa madzi.

Mwala wa laimu uli ndi ming'alu. Funde likamenya thanthwe, limakankhira madzi ndi mpweya m'ming'alumo mwamphamvu. Pobwerera limakoka timiyala timene tasweka. Funde lina limabwera litanyamula mchenga ndi timiyala tomwe tija, n'kumadya thanthwe monga tupa adyera chitsulo. Zimatero usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Malo ofewa amadyeka msanga, malo olimba amatsala. Mng'alu umasanduka bowo, bowo n'kusanduka phanga.

Nayo mvula imathandiza. Madzi a mvula amasungunula mwala wa laimu. Ntchitoyi sitingaione ndi maso. Koma madziwo amalowa m'ming'alu kuchokera pamwamba n'kumaikulitsa. Paja akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pena mapanga awiri amakumana, lina lochokera mbali iyi, lina mbali inayo. Pamenepo pamakhala chipata cha mwala chooneka ngati mlatho, ndipo bwato limadutsa pansi pake. Pakapita zaka zambiri denga la chipatacho limagwa. Pamatsala mwala wautali utaima wokha m'madzi.

Gwirani mfundo iyi, chifukwa tiifunanso kutsogoloku: ntchito yosema sidathe. Madzi akusemabe mpaka lero. Phanga silingakule popanda miyala kugwa.

TINYAMUKE M'MAWA

Tsono tiyerekeze kuti inu ndi ine tili pachilumbachi. Tadzuka m'mamawa m'tauni yaikulu, imene nayonso dzina lake ndi Zakynthos. Takwera galimoto kulowera kumpoto, makilomita pafupifupi 30. Tafika padoko laling'ono la Agios Nikolaos. Dzinali litanthauza Nikolasi Woyera, amene Agiriki amati ndi mtetezi wa anthu oyenda panyanja.

Padoko pali mabwato a injini, aakulu ndi aang'ono. Ife tisankhe liti? Bwato lalikulu lili ndi mthunzi ndi mipando yabwino, koma silingalowe m'phanga. Limangoima kunja, anthu n'kumasuzumira. Laling'ono ndilo limalowa. Mabwato ena ali ndi galasi pansi pake, kotero kuti munthu amaona nsomba ndi miyala ya pansi pa nyanja ali chikhalire.

Tisanakwere tifunse mafunso atatu. Mtengo wake ndi wotani, ndipo tikabwerako nthawi yanji? Bwatoli limaloledwa kunyamula anthu angati? Majekete oyandamitsa ali pati? Musachite manyazi kufunsa. Safunsa adadya phula.

Takwera. Woyendetsa watigawa bwino, ena kumanja, ena kumanzere, kuti bwato lisapendekere mbali imodzi. Injini yalira. Kumanzere kwathu kuli khoma loyera la miyala. Kumanja kuli nyanja mpaka polekezera maso. Timadontho ta madzi tagwera pamilomo. Talawani! Mchere wokhawokha. M'lita imodzi ya madzi amenewa muli mchere magalamu pafupifupi 38. Madzi otere munthu samwa, amangoonjezera ludzu. N'chifukwa chake tanyamula madzi akumwa m'botolo, ngakhale tili pakati pa madzi.

Patapita mphindi zochepa tayandikira nsonga ya kumpoto kwa chilumba, yotchedwa Skinari. Pamwamba pake pali nsanja ya nyali younikira sitima usiku. M'munsimu ndimo muli mapanga amene alendo amawatcha Blue Caves, kutanthauza mapanga a buluu. Choyamba tikudutsa pansi pa zipata za miyala zija, china pambuyo pa chinzake.

M'KATI MWA PHANGA

Woyendetsa wachepetsa moto wa injini. Akuyang'ana mafunde. Khomo la phanga ndi laling'ono. Funde likakweza bwato tili pakhomo penipeni, mitu yathu igunda mwala. Watiuza kuti tikhale pansi, tiweramitse mitu, manja tiwabweze m'kati mwa bwato. Dzanja logwira m'mphepete likhoza kuphwanyika pakati pa bwato ndi thanthwe. Wadikira funde lina lidutse. Eya, talowa.

Poyamba simukuona kanthu, chifukwa maso azolowera dzuwa. Mukungomva kuzizira, ndi madzi akugunda miyala, mau ake akubwereza ngati m'tchalitchi mopanda anthu. Dikirani pang'ono. Tsopano yang'anani pansi. Madzi onse ali buluu, ngati mayi wasungunuliramo buluu wochapira zovala. Ndipo akuwala, ngati pansi pake wina wayatsa nyali. Kuwalako kukuvina padenga. Bwato laima, ndipo woyendetsa walola kuti tipise manja m'madzi. Taonani, dzanja lanu nalonso laoneka labuluu! Litulutseni. Ndi dzanja lanu lomwe lija.

Tungani madziwo m'kapu. Alibe mtundu uliwonse. Ali mbee, ngati a pampopi. Nanga buluu uja wapita kuti? Kodi ndi matsenga? Iyai. Tamverani.

Kuwala kwa dzuwa timakuona ngati koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yambiri. Umboni wake ndi utawaleza. Mvula ikamagwa dzuwa likuwala, madontho amagawa kuwalako, ndipo timaona kufiira, chikasu, kubiriwira ndi buluu. Tsono kuwala kukalowa m'madzi, madziwo amameza kufiira msanga. Kenaka amameza chikasu. Buluu ndiye amapita patali. M'kapu muli madzi ochepa, osakwanira kumeza mtundu uliwonse. M'nyanja madzi ndi akuya, ndipo mtundu umene umatsala ndi buluu.

M'phanga muli zinthu zitatu zimene zimaonjezera kukongolako. Choyamba, khomo lake ndi laling'ono pamwamba pa madzi, koma limapitirira pansi pa madzi. Motero kuwala kwambiri kumalowa kudzera m'madzi. Kukamafika m'kati kumakhala kutasefedwa kale. Chachiwiri, pansi pali mwala woyera ndi mchenga woyera. Zoyerazi zimabweza kuwala kumwamba monga amachitira kalilole. Chachitatu, kuno kulibe mitsinje yaikulu yobweretsa matope. Madzi ndi oyera, ndipo pansi pamaoneka bwino.

Mapangawa adayang'ana chakum'mawa. N'chifukwa chake talawirira. Dzuwa la m'mawa limaloza pakhomo. Likapendeka, thanthwe limachita mthunzi, ndipo buluu uja amazilala. Wobwera mochedwa amalipira ndalama zomwezo, koma amaona zochepa.

M'malo ena woyendetsa amaimitsa bwato kuti odziwa kusambira asambire. Madzi amchere amayandamitsa thupi kuposa a mumtsinje. Koma zimenezi zisakunyengeni. Pano palibe poponda, palibe mchenga woti mukwawirepo mukatopa, ndipo miyala ndi yakuthwa. Wosadziwa kusambira akhale m'bwato.

MPHEPO YA MASANA

Ife tikadakonda kukhalabe, koma woyendetsa akuti tibwerere. Nyanja ili bata, kumwamba kulibe mtambo. Akufulumiriranji? Iye akudziwa zimene ife sitikudziwa. M'chilimwe kumeneko kumaomba mphepo yochokera kumpoto chakumadzulo. Agiriki amaitcha Maistros. Kawirikawiri imayamba masana, n'kumakula dzuwa likamapendeka. Asodzi a kunyanja kwathu amadziwa mmene Mwera amasinthira nyanja m'kanthawi kochepa. Nakonso ndi chimodzimodzi.

Panyanja poyera funde limakweza bwato n'kulitsitsa, basi. M'phanga mulibe malo. Funde likalowa limapanikizika, limakwera, n'kumenyetsa bwato kudenga kapena kukhoma. Ndiye masiku ena woyendetsa amakana kulowa m'phanga, ngakhale alendo afuna. Ena amakwiya. Amati tachokera kutali, tataya ndalama zathu. Koma taganizani. Munthu ameneyu akukana ndalama, chonsecho ali ndi ana ofuna kudya. Amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo nyanja amaidziwa ngati munda wake. Akati lero ai, mumvereni. Woyendetsa woyenera kumuopa ndi uja amavomera chilichonse pofuna kukondweretsa alendo.

ZIMENE ZIDACHITIKA KU NAVAGIO

Ngozi sichokera m'madzi mokha. Ina imachokera kumwamba.

Kuseri kwa nsonga ya Skinari, mbali ya kumadzulo kwa chilumba, kuli kagombe ka mchenga woyera kozunguliridwa ndi matanthwe aatali. Kulibe njira ya pamtunda yotsikira kumeneko. Mu Okutobala 1980 sitima ya katundu yotchedwa Panagiotis idakankhidwa ndi namondwe n'kukakamira pamchengapo. Idasiyidwa pomwepo, n'kuchita dzimbiri. Kuyambira pamenepo malowo amatchedwa Navagio, kutanthauza sitima yosweka. Zithunzi zake zidafalikira dziko lonse lapansi. Mabwato opita kumapanga adayamba kufikanso kumeneko. M'chilimwe anthu ankadzaza pamchengapo, ena atakhala mumthunzi m'munsi mwa thanthwe.

Pa 13 Seputembala 2018, kunja kuli bwinobwino, chigawo chachikulu cha thanthwe chidagumuka. Chidagwera m'madzi pafupi ndi anthu. Funde lalikulu lidadzuka n'kugubuduza mabwato aang'ono. Anthu osachepera 7 adavulala. Miyala idagwanso mu 2022 patachitika chivomezi, ndipo mu 2023 boma lidaletsa anthu kutsika pamchengapo. Kwa eni mabwato lamuloli lidali lowawa, koma moyo sagula.

Chivomezi si chachilendo pachilumbachi. Pansi pa nyanja imeneyi nthaka ya Africa ikukankhana ndi nthaka ya Ulaya. Ikatsetsereka, dziko limagwedezeka. Pa 12 Ogasiti 1953 chivomezi chachikulu, pamodzi ndi moto umene udabuka pambuyo pake, zidaononga pafupifupi tauni yonse ya Zakynthos. Padatsala nyumba zowerengeka. Anthu adamanganso tauni yao, ndipo adamanga nyumba zolimba. Koma thanthwe palibe angalimange. Chivomezi chilichonse chimakulitsa ming'alu. Mwala umene wagwedezeka lero ukhoza kugwa mawa, kapena chaka chamawa.

Kodi mwakumbukira mfundo ija? Ntchito yosema sidathe. Choncho mlendo wanzeru sakhala mumthunzi wa thanthwe. Akaona chingwe kapena chikwangwani choletsa, salumpha.

ENI AKE A MAPANGA

Mapanga ena a pachilumbachi, makamaka a kumadzulo, ali ndi eni ake. Mumakhala nyama imene Agiriki amaitcha fokia. Nkhope yake ndi ya ndevu ngati ya katumbu, koma thupi lake ndi lalikulu kwambiri. Yaikulu imatalika kupitirira mamita 2, ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi 300. M'malo mwa miyendo ili ndi zopalasira. Imakhala m'madzi, koma si nsomba. Imapuma mpweya ngati ife. Imabereka mwana n'kumuyamwitsa.

Kale nyamazi zinkagona poyera pamchenga. Anthu adazipha zambiri chifukwa cha zikopa ndi mafuta. Asodzi nawo ankadana nazo poti zimang'amba maukonde pofuna nsomba. Zotsala zidathawira m'mapanga obisika, okhala ndi kamchenga kumapeto kwake. Zimaberekera m'menemo, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Padziko lonse lapansi zilipo pafupifupi 1,000 chabe, ndipo gawo lalikulu lili ku Greece. Bwato likalowa ndi phokoso, mayi akhoza kuthawa n'kusiya mwana. Mwana wosiyidwa sakhalitsa. Woyendetsa wabwino amawadziwa mapanga otere, ndipo amawalambalala.

Kummwera kwa chilumba, kugombe la Laganas, akamba am'madzi amaikira mazira. Kamba wamkazi amatuluka usiku m'chilimwe, amakumba dzenje mumchenga, n'kuikira mazira pafupifupi 100 kapena kuposa. Ana amatuluka pakapita miyezi iwiri. Mabwato ambiri opita kumapanga ena a kummwerako, otchedwa Keri, amadutsa m'madzi momwe muli akambawa. Bwato lothamanga likhoza kutema kamba ndi chitsulo chozungulira cha injini. Mu 1999 boma la Greece lidakhazikitsa malo otetezedwa panyanja imeneyi. Mbali ina mabwato saloledwa konse. Mbali ina ayenera kuyenda pang'onopang'ono.

Apa pali nkhani yovuta. Anthu ambiri a pachilumbachi amadya chifukwa cha alendo. Woyendetsa bwato, wophika, wosesa m'hotela, wogulitsa mafuta a azitona, onsewa amagwira ntchito mwamphamvu miyezi 6 kuti adye chaka chonse. Alendo akachuluka, ndalama zimachuluka. Koma mabwato akachulukitsa, madzi amada ndi mafuta a injini ndi zinyalala. Nyama zimathawa. Ngozi zimachuluka. Zikatero alendo adzabweranso kudzaona chiyani? Inu alimi mukudziwa kuti njala ikavuta chotani, mbewu yodzabzala sitidya. Mapanga, madzi oyera ndi nyamazi ndiyo mbewu ya anthu a ku Zakynthos.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Mwina inu simudzafika ku Zakynthos. Koma ambiri a ife timakwera bwato, pooloka mtsinje kapena poyenda panyanja. Malamulo a pamadzi ndi amodzi kulikonse.

1. Musakwere bwato lodzaza kale. Ndi bwino kudikira ulendo wachiwiri.
2. Nyamukani m'mawa, mphepo isanayambe.
3. Khalani pamene woyendetsa wakuikani. Musaimirire bwato likuyenda. Nonse musathamangire mbali imodzi pofuna kuona chinthu.
4. Ngati pali jekete yoyandamitsa, valani. Ana avale poyamba.
5. Musakwere bwato mutamwa mowa. Musalole woyendetsa woledzera.
6. Woyendetsa akati lero nyanja si ili bwino, musamukakamize.
7. Musakhale m'munsi mwa thanthwe kapena gombe logumuka.
8. Musataye zinyalala m'madzi, ndipo musaopseze nyama zimene zili ndi ana.
9. Uzani a kunyumba kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere.

MAU OFUNIKA KUWADZIWA

Chilumba: mtunda wozunguliridwa ndi madzi mbali zonse.
Doko: malo okocheza mabwato ndi sitima.
Nsonga: mtunda wosongoka umene udalowa m'nyanja.
Namondwe: mphepo yamkuntho ya panyanja.
Chivomezi: kugwedezeka kwa nthaka.
Jekete yoyandamitsa: chovala chothandiza munthu kuti asamire.

MAFUNSO

1. Kodi chilumba cha Zakynthos chili m'dziko liti?
2. Tchulani zinthu ziwiri zimene zimasema mapanga.
3. Chifukwa chiyani madzi a m'phanga amaoneka abuluu, koma a m'kapu alibe mtundu?
4. Perekani zifukwa ziwiri zopitira kumapanga m'mawa.
5. Chidachitika n'chiyani ku Navagio mu 2018?
6. Chifukwa chiyani fokia amaberekera m'mapanga?

MASAMU

1. Sitima ya Panagiotis idakakamira pamchenga mu 1980. Thanthwe lidagumuka mu 2018. Padapita zaka zingati?
2. Bwato limaloledwa kunyamula anthu 12. Padoko pali anthu 30. Bwatoli lipita maulendo angati kuti onse afike? Ulendo wotsiriza mukhala anthu angati?
3. M'lita imodzi ya madzi muli mchere magalamu 38. M'malita 5 muli mchere magalamu angati?

LEMBANI

Lembani kalata yaifupi kwa mbale wanu amene akufuna kuyenda ulendo wa pabwato. Mumuuze malangizo atatu amene mwaphunzira.

KAMBIRANANI NDI ANZANU

1. Mwalipira kale ndalama, koma woyendetsa akuti mphepo yayamba. Anzanu akumukakamiza kuti apite. Inu munganene chiyani?
2. Boma likatseka malo oopsa, eni mabwato amasowa ndalama. Likapanda kutseka, anthu akhoza kuvulala. Mukadakhala inu, mukadaweruza bwanji?
3. Kodi kwanuko kuli phanga, mathithi, dziwe kapena phiri limene alendo amabwera kudzaona? Amalisamala ndani? Nanga a m'mudzi amapindulapo chiyani?